Ndowa Ilibe Chipani

Ana asukulu amaphunzitsidwa kuti dziko lino lili ndi nyengo zitatu pachaka: dzinja, chisanu ndi chilimwe. Munthu wokulira kumudzi amadziwa kuti pali nyengo yachinayi imene aphunzitsi a Jogalafe saitchula, chifukwa imabwera kamodzi pa zaka zisanu. Imeneyi ndi nyengo ya kampeni. Zizindikiro zake n'zosasowa. M'misewu imene ngakhale ambulansi imakana kulowamo mumayamba kudutsa magalimoto onyezimira. Anthu amene sadapondepo pamaliro athu amayamba kufika ndi chipepeso, ena mpaka kugula bokosi. Zimkuzamawu zimalira usana ndi usiku, ndipo pa malonjezo onse otuluka m'menemo, lonjezo la madzi silisowa. Chiyambire chisankho cha zipani zambiri cha 1994, mudzi uliwonse umene ine ndikuudziwa walonjezedwapo mjigo.

M'nkhani ino ndifotokoza zimene amayi a m'mudzi mwathu, m'munsi mwa phiri la Mulanje, adachita pa kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Adasenza ndowa zopanda madzi n'kupita nazo kumsonkhano wa anthu ofuna mipando. Ena adati adachita bwino, ena adati adatumidwa, enanso adati adachititsa mudzi manyazi pamaso pa alendo. Ine ndidali pakati pawo monga mlembi, ndipo maganizo anga ndi akuti adakwanitsa chinthu chovuta kuposa kuguba kumene: adapindula ndi nyengo ya ndale koma osalola kuti andale apindule ndi iwo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, ndiyambe ndi mbiri ya madzi athu. Mipopi ya m'mudzi mwathu sidabwere ndi phungu aliyense. Mu 1968, kudera la Chingale m'boma la Zomba, kudayambika njira yotenga madzi kumapiri n'kuwatsitsira kumidzi kudzera m'mapaipi, popanda injini kapena magetsi, madziwo akuyenda okha chifukwa cha kutsetsereka kwa malo. Boma ndi mabungwe othandiza ankapereka mapaipi ndi amisiri, pamene anthu ankapereka makasu ndi thukuta lawo. Njirayi itaoneka kuti ndi yothandiza idafalikira kuno kwathu m'zaka za m'ma 1970, popeza phiri lathuli, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatulutsa mitsinje yambiri. Agogo anga, amene adabereka amayi, adakumba nawo ngalande zokwiriramo mapaipi akadali mtsikana. Amasimba kuti mudzi uliwonse unkapatsidwa ndime yake, ndipo wothawa ntchito ankakalipa nkhuku kwa anyakwawa.

Chifukwa cha mbiri imeneyi, mpopi wa pafupi ndi kwathu sunkadziwika ndi dzina la munthu. Unali "mpopi wathu" basi. Unali ndi komiti yake, ndipo amayi anga akhala asungichuma a komitiyo kuyambira ndili wamng'ono. Banja lililonse linkasonkha kangachepe pamwezi. Mpopi ukayamba kudontha, ankagula kamphira n'kuikamo. Paipi ikaphulika, ankaitana mmisiri wa m'dera lomwelo. Ndalamazo zinkalembedwa m'kope la sukulu limene amayi ankasunga m'sutukesi pamodzi ndi makadi athu a sikelo. Ndidakula ndikudziwa kuti madzi amachokera kuphiri, ndipo amafika pakhomo chifukwa anthu adakumba ndi kusonkha.

Zonsezi zidasokonekera mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula kwa masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kummwera. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno. Kwathu kuno matope, miyala ndi mitengo zidatsika kuphiri usiku, ndipo akuluakulu adati napolo wabweranso, pokumbukira zimene zidachitika ku Phalombe mu 1991. Mudzi wathu udapulumuka, koma khoma la simenti la pamwamba pa mtsinje, pamene madzi ankalowera m'mapaipi, lidakokoloka. Mapaipi ena tidawapeza atapindika m'minda ya anthu. Kuyambira tsiku limenelo mipopi idauma. Ndalama za m'kope la amayi zikadatha kugula timphira tambiri, koma sizikadakwanira kumanga khoma ndi kugula mapaipi aakulu.

Tidatsala ndi njira ziwiri. Yoyamba inali mjigo wa m'mudzi woyandikana nawo, kumene ndowa zinkayamba kundanda tambala asanalire, ndipo eni mudzi ankatunga poyamba, ife alendo pambuyo. Yachiwiri inali mtsinje. Apa n'kuti matenda a kolera, amene adabuka mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, akadali m'maganizo mwa aliyense. Amayi ankasefa madzi a kumtsinje ndi nsalu, kenako n'kuwawiritsa, ndiye kuti nkhuni nazonso zinkatha msanga. Mng'ono wanga wamkazi, amene adali mu Sitandade 7, ankafika kusukulu dzuwa litakwera, msana uli wonyowa. Mu 2024 mvula idavutanso, moti boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya chilala. Tidapirira zonsezi chifukwa namondwe ndi chilala zilibe khomo loti munthu n'kukagogodapo.

Vuto la chilimwe cha 2025 lokha lidali ndi khomo lake. Mkulu wina wandalama, amene adagula malo kumtunda kwa mudzi wathu, adatsegula munda waukulu wa tomato ndi kabichi. Mwezi wa Juni adatseka mtsinje ndi matumba a mchenga n'kuikapo injini yopopera madzi. Pofika mu Julayi, kumunsi kuno kudatsala timadzi tobiriwira m'mathawale, ndipo amayi adayamba kufukula mchenga ndi mbale kuti apeze otunga. Mtsinje umene sudaphwe ngakhale chaka cha chilala udaphwa chifukwa cha munthu mmodzi.

Anthu sadathamangire zionetsero. Komiti idapita kwa anyakwawa, anyakwawa adaitengera kwa agulupu. Agulupu adatumiza uthenga kwa mwini munda kawiri, koma iye sadabwere. Adangotuma kapitawo wake kudzanena kuti malowo adagula ndi ndalama zake. Adalemba kalata yopita ku ofesi ina yoona za madzi, ndipo yankho lidali lakuti galimoto ilibe mafuta. Mphekesera zinkamveka kuti mkuluyo amathandiza ndi ndalama mmodzi wa anthu ofuna mpando, n'chifukwa chake aliyense ankamuopa. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma adanenanso kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo omva m'mimba pankhani ya madzi ndi amayi.

Maganizo opita kumsonkhano wa andale adabadwira pamzere wa kumjigo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 adali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati sakuwatumikira. Aphungu adachotsa gawo limeneli mu 1995. Kuyambira pamenepo, munthu wakumudzi amakhala ndi mphamvu pa phungu wake kwa miyezi iwiri ya kampeni ndi tsiku limodzi loponya voti. Zikadutsa zimenezi, amadikira zaka zisanu. Amayi a kwathu sadawerengepo gawo 64, koma adziwa kuchokera m'zimene aona kuti makutu a atsogoleri amatseguka pa nthawi yake, monga momwe bowa amamerera pa nthawi yake. Wofuna bowa sadikira chilimwe.

Padalinso chitsanzo chapafupi. Mu 2016 anthu a kuno ku Mulanje, motsogozedwa ndi gulu la Citizens for the Protection of Mulanje, adatsutsa ntchito yotenga madzi mumtsinje wa Likhubula kupita nawo ku Blantyre kudzera ku Nguludi. Mzinda wa Blantyre udali ndi chifukwa chomveka, poti madzi ake ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire, kukwera nawo mtunda ndi magetsi okwera mtengo, pamene a kuphiri amatsika okha. Eni phiri nawo adali ndi chifukwa chomveka: ankafuna kuti mitengo ibzalidwe kaye m'phirimo, ndipo ankafunsa kuti madzi angadutse bwanji pamidzi yaludzu kukamwetsa a m'tauni. Ntchitoyo idachitikabe ndi ngongole yochokera ku India, koma akuluakulu adakakamizika kukhala pansi ndi anthu wamba. Amayi a kwathu ankaikumbukira nkhaniyi. Ankakumbukiranso kuti pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 adaphedwa, ndiponso kuti za mu 2019 zidatha ndi utsi wokhetsa misozi m'matauni. Mawu akuti "zionetsero" amaopsa kumudzi, ndipo amuna ambiri adauza akazi awo kuti asapite.

Ine ndidali kumudzi pa tchuthi, ndipo amayi adandiitana madzulo ena kuti, "Mwanangu, sukulu tidakutumizayo igwire ntchito lero. Tenga cholembera." Tidakumana pakhonde pa agogo, amayi khumi ndi awiri a m'makomiti a mipopi inayi. Ntchito yanga idali kulemba zimene agwirizana. Chimene chidatenga nthawi yaitali sichidali mndandanda wa madandaulo ayi, koma mneni mmodzi wa m'chiganizo choyamba. Mayi wina adati tilembe kuti "tikupempha." Agogo adakana. "Wopempha amagwada," adatero. "Kodi madzi a mumtsinjemo anawalenga ndi iwowo?" Mtsikana wina wamtima wapachala adati tilembe kuti "tikulamula," koma anzake adamufunsa ngati akufuna kuti apolisi abwere ndi galimoto ziwiri. Atakangana kwa kanthawi, mayi wina wachikulire wa Mvano, amene adali chete nthawi yonseyi, adati, "Lembani kuti tikukumbutsa. Munthu umamukumbutsa chinthu chimene akuchidziwa kale, chimenenso ndi ntchito yake." Onse adavomera.

M'kalasi timaphunzira kuti mawu amanyamula ubale wa pakati pa wolankhula ndi womvera. Sindidaonepo phunziroli likugwira ntchito momveka ngati usiku umenewo. "Kupempha" kukadaika amayiwo pansi, andale pamwamba, ndipo madzi akadasanduka mphatso yofunika kuthokoza ndi voti. "Kulamula" kukadapatsa adani awo mpata wonena kuti ndi anthu amwano. "Kukumbutsa" kudasunga ulemu, koma kudanenanso poyera kuti pali ngongole.

Chikalatacho chidali ndi mfundo zitatu. Yoyamba, matumba a mchenga achotsedwe pamtsinje, ndipo ngati mwini munda ali ndi chilolezo, achionetse; pajatu lamulo la zamadzi la 2013 limafuna kuti wotunga madzi ochuluka, opitirira a ntchito zapakhomo, akhale ndi chilolezo. Yachiwiri, akatswiri abwere kudzaona zofunika kukonza kugwero la mipopi ndipo anene mtengo wake pagulu. Yachitatu, aliyense wofuna mpando wa uphungu kapena ukhansala asayine kuti akapambana adzabwera pakatha miyezi itatu kudzafotokoza pamene nkhani yafika. Mudalibe mawu akuti mjigo, ndipo izi adachita dala. Titamaliza, agulupu adatumiza uthenga kuboma ndi kupolisi monga lamulo lifunira, popeza gawo 38 la malamulo a dziko lino limalola anthu kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida.

Kenako adapangana malamulo awoawo. Wolankhula akhale mmodzi. Anyamata asanyamule ndodo kapena mwala. Pasaimbidwe nyimbo ya chipani chilichonse. Pasapezeke wolandira ndalama, kaya ndi ya sopo, kaya ndi ya mchere. Lamulo lovuta kwambiri lidali la zovala: pasapezeke wovala nsalu ya chipani. Wosadziwa moyo wakumudzi angaone ngati ili ndi lamulo lapafupi. Zoona zake n'zakuti kwa amayi ambiri nsalu zatsopano zimene ali nazo ndi za zipani, chifukwa ndi zokhazo zimene zimabwera ulere. M'sutukesi ya amayi anga mudali nsalu za zipani zitatu, ndipo yachinayi, yakale, ndi imene tinkasefera madzi a kumtsinje, nkhope ya mtsogoleri ili yoderako ndi matope. Amayi ena adachita kubwereka zitenje zakutha kwa anzawo kuti asaswe pangano. Mayi wa Mvano uja ndiye adanena mawu amene adasanduka mbendera yathu: "Ndowa ilibe chipani."

Tsikulo lidali Loweruka, m'mwezi wa Ogasiti, pabwalo la sukulu ya pulaimale, pamene ofuna mipando adaitanidwa kudzayankha mafunso a anthu. Gulu lililonse lidabwera ndi ng'oma zake ndi anyamata ake odzipaka utoto. Amayi athu adanyamuka kumjigo ali pamzere, aliyense ndowa kumutu, osaimba, osalankhula. Atafika pabwalo adayenda mpaka kutsogolo kwa mipando ya alendo, n'kuika ndowa zija pansi chozondotsa, n'kukhala pambali pake miyendo atatambasula. Ng'oma zidasiya kulira imodziimodzi. Woyendetsa mwambo adayesa kuseka, nati amayi abwera kudzalandira alendo, koma padalibe woseka naye.

Agogo ndiwo adaimirira. Adaomba m'manja kupereka ulemu kwa mafumu, n'kunena kuti, "Zikomo mafumu, zikomo alendo athu. Mlendo akafika pakhomo timayamba ndi kumupatsa madzi akumwa. Lero mutikhululukire, tabwera ndi ndowa zokha kuti muone chifukwa chake simunalandire madzi. Ine manja awa anakumba ngalande za mipopi ena mwa inu musanabadwe. Sitinabwere kudzapempha. Mwana wathu awerenge." Ndidawerenga chikalatacho mawondo akugundana. Nditamaliza padali bata lalikulu, loti munthu n'kumva mbuzi ikulira kutsidya.

Zimene zidatsatira ndi zimene zidandiphunzitsa chifukwa chake amayi adaumirira pa malamulo awo aja. Woyamba kuyankha adalumphira chimkuzamawu n'kulengeza kuti Lolemba lomwelo galimoto yokumba mjigo ifika, ndipo anyamata ake adayamba kuimba kuti amayi onsewa ndi awo. Wachiwiri adati akudziwa amene wawatuma, ndipo adaloza mnzake uja. Wachitatu sadanene zambiri, koma munthu wake adazungulira kumbuyo ndi envelopu, n'kunong'oneza amayi anga kuti agawane ya sopo. Amayi adayankha mokweza kuti, "Pepani bambo, sopo tichapira madzi ati?" Anthu adaseka, ndipo munthuyo adabwerera envelopu ili m'manja. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, koma kumudzi lamulo limeneli limagwira ntchito pokhapokha wopatsidwayo atakana yekha. Akadangovala nsalu imodzi ya chipani, kapena kulandira envelopu ija, nkhani yonse ikadasanduka ya chipani chakuti, ndipo zipani zinazo zikadapeza chifukwa choikanira. Popeza padalibe poti n'kuwagwira, ofuna mipando atatu mwa asanu adasayina pomwepo, wina adati akawerenge kaye, wina adanyamuka msonkhano usanathe.

Sabata isanathe, mfumu yaikulu idaitanitsa bwalo. Mafuta a galimoto ija adapezeka, ndipo mlangizi wa zamadzi adafika. Zidadziwika kuti mwini munda adalibe chilolezo. Adauzidwa kuti achotse matumba, azithirira pamanja monga alimi ena onse a m'madimba, ndipo injini aiyatse pokhapokha atatsata njira yake. Patapita masiku awiri madzi adayambanso kuyenda kumunsi, ochepa koma oyera. Madzi saiwala khwawa.

Chipambano chimenechi chidali ndi mtengo wake, ndipo adaulipira ndi a m'banja mwathu. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ganyu m'munda uja. Tsiku limene matumba adachotsedwa, kapitawo adawauza kuti asabwerenso, poti ndi achibale a msungichuma wa komiti. Adafika kwathu madzulo, osalowa m'nyumba, nati, "Achemwali, madzi mwawapeza. Nanga ufa wa ana anga ndiupeza kuti?" Amayi adalibe yankho. Adapungula chimanga m'thumba lathu n'kutuma ine kukapereka, koma amalume sadalankhule nawo mpaka nthawi yobzala. Funso lawolo silidali lopusa. Munda uja unkapereka ganyu kwa anthu a m'mudzi momwemo, pa chaka chimene chimanga chidali chodula. Mkangano wa madzi kawirikawiri umadutsa pakati pa nyumba, chifukwa womwa madzi ndi wolembedwa ganyu amadya mbale imodzi.

Galimoto yokumba mjigo nayo idabweradi, ngakhale kuti padalibe adaipempha. Idakumba mothamanga pafupi ndi nyumba ya mkulu wa chipani m'deralo, ndipo pasimenti adalembapo dzina la woperekayo ndi penti. Mjigowo umatulutsa ndowa zingapo m'mawa, kenako umangolira chitsulo. Anthu amautchula kuti "mjigo wa auje," ndipo utathyoka koyamba aliyense ankadikira kuti auje abwere adzakonze. Komiti ya amayi ndiyo idautenga pomaliza n'kuulemba m'kope, poti madzi ndi madzi. Koma kusiyana kwa mayina awiriwa, "mpopi wathu" ndi "mjigo wa auje," kukunena zambiri za mmene chitukuko chasinthira pakati pa nthawi ya agogo ndi nthawi yathu. Chinthu chikakhala ndi dzina la wopereka, chikaonongeka chimadikira woperekayo.

Anzanga ena kuno kusukulu ndikawasimbira nkhaniyi amati zimene amayi adachita n'chimodzimodzi kugulitsa voti, kungoti mtengo wake udali madzi m'malo mwa ndalama. Ine ndimakana. Wogulitsa voti amalonjeza kuti avotera amene wamupatsa. Amayi aja sadalonjeze munthu aliyense voti. Chikalata chimodzi chomwecho adachiika pamaso pa onse, ndipo tsiku lachisankho aliyense adakavotera kumene mtima wake udafuna. Ndikudziwa kuti amayi anga ndi mayi wa Mvano uja adavotera anthu osiyana, ndipo mpaka lero amasekana nazo. Kufunsa wofuna mpando kuti adzachita chiyani pa vuto lenileni la mudzi ndiyo ntchito imene kampeni idapangidwira. Tidazolowera kuti pamsonkhano wa ndale amayi ntchito yawo ndi kuvina ndi kululutira, moti akakhala pansi n'kufunsa funso timaona ngati aswa mwambo.

Ena amati kuchititsa alendo manyazi si chikhalidwe chathu. Pamenepa ndimawakumbutsa kuti amayiwo adayamba kwa anyakwawa, adapita kwa agulupu, adalemba kalata, adadikira miyezi iwiri. Pabwalo paja adaombera mafumu m'manja ndipo sadatukwane munthu. Chikhalidwe chomwecho chimene chimatiphunzitsa ulemu ndi chimenenso chidatisiyira mwambi wakuti mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ndipo pa mwambo wa kwathu kuno, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi ndipo minda imayenda kuchikazi, amayi ndiwo eni nthaka. Sadali alendo pankhani ya mtsinje umene amayi awo ndi agogo awo ankatungamo.

Pali mfundo imodzi yokha imene ndimavomerezana nawo okayikawo. Mphamvu ya nyengo ya kampeni ndi yosakhalitsa. Matumba a mchenga adachoka msanga chifukwa kuwachotsa sikudafune ndalama, ndipo padalibe wandale wofuna kuoneka akuteteza munthu mmodzi pamaso pa midzi inayi. Mipopi ndi nkhani ina. Akatswiri adabwera chisankho chitatha, adayeza, adatchula zofunika. Wopambana pa mpando wa uphungu, amene adali mmodzi wa osayina aja, adabweradi, ngakhale mochedwa, ndipo amayi adamuwerengera chikalata chokhala ndi siginecha yake. Adalonjeza kuti nkhaniyi aitengera kukhonsolo. Pamene ndikulemba nkhani ino, anthu atuta mchenga ndi miyala kupita nazo kugwero, afukulanso ngalande zimene zidakwiririka, koma mapaipi aakulu sanafike. Mng'ono wanga akadadzukabe m'mbandakucha.

N'chifukwa chake ndimaona kuti chinthu chamtengo wapatali chimene chidatsala si mjigo uja, kapenanso masiginecha atatu aja. Ndi komiti imene idadzukanso. Mipopi itauma mu 2023, anthu adasiya kusonkha, poti ankati tisonkherenji chinthu chakufa. Kuyambira mwezi wa zionetsero uja ayambiranso, banja lililonse K500 pamwezi, ndipo amayi adagula kope latsopano. Pa tsamba loyamba adamatapo chikalata chija. Amalume nawo dzina lawo lili m'kopemo. Adabwera okha kudzapereka yawo, nati ana awo nawonso amamwa madzi.

Ife ophunzira zilankhulo tili ndi gawo lathu pankhani ngati izi. Ambiri mwa ife tidzakhala aphunzitsi, atolankhani, omasulira ndi olemba zolankhula za akuluakulu. Ndife amene tidzasankhe kulemba kuti "phungu wapatsa anthu mjigo" kapena kuti "mjigo wakumbidwa ndi ndalama za misonkho," kuti "anthu apempha thandizo" kapena kuti "anthu akumbutsa atsogoleri udindo wawo." Ana amene adzawerenge ziganizo zimenezi adzaphunziramo ngati madzi ndi chifundo cha munthu kapena ndi gawo lawo. Chisankho china chidzabwera mu 2030, ndipo magalimoto onyezimira adzalowanso m'misewu yathu. Pofika nthawi imeneyo, amayi a kwathu akufuna kuti alendowo adzalandiridwe monga mwa mwambo, ndi chikho cha madzi ochokera pampopi wathu.